Vithupsa Vanga Mwabweretsa Ndinu

Mwachoma bwanji nonse ana anga.

Nangochoka ku kiliniki na vithupsa vija va pakhosi. Amayi anu akhala akunikwecha na mwala wa kumapazi, ati sinisamba. Lero banesi bayang'ana, baseka. Bati tizilombo tosaoneka tili pakhungu pa munthu aliyense, ngakhale abusa, timangokhala phee. Koma mtima ukavutika, thupi limatulutsa mankhwala ake m'magazi mpaka m'thukuta. Tizilomboto tikangolawa mankhwalawo, basi tadzuka, taswana, tayamba ndewu.

Banifunsa, "Batate, chikukuvutani n'chiyani?"

Ine nati, "Ana anga. Kukangocha, bayimba foni: gulitsani nyumba ya ku Kanyama, madzi a mvula azakukokololani, mukakhale kwa mwana wanu Yosefe ku komboni ya Mtendere."

Ndiye mvetserani. Mabuloko a nyumba iyi ninaumba nekha. Madzi amalowa, amatuluka, ine nilipo. Kwa Yosefe nikagone pabalaza ngati mlendo, kupempha chilolezo chotsegula wailesi? Tizilombo tija tinganidye wamoyo!

Sinigulitsa. Mwala uja nabisa kale, amayi anu akuufunafuna panja.

Nenani tsopano, mufuna nichire, kapena muzayimbanso foni mawa?