Mawaya Okhwefuka

Nditasiya sukulu ku Coventry m'chaka chachiwiri, ndinapita kukakhala kwa malume ku Walsall ndi chikwama chimodzi ndi gitala. Za digiri musandifunse. Masana ndinkalongedza makatoni ku weyahausi, ndikaweruka n'kumaimba grunge kuchipinda, nyimbo zaphokoso zija zomveka ngati munthu wapsa mtima.

Gitala yanga sindiikunga ngati mmene ena amachitira. Mawaya onse ndimawatsitsa kuti mawu azituluka pansi, olemera. Mawaya oonda ukawakhwefula choncho amangolendewera, ndiye ndinaika onenepa. Vuto lake, onenepawo ukawakunga kufika pa mawu a masiku onse amakoka khosi la gitala mpaka kulipinda.

Malume amasamalira okalamba, Lamulungu amaimba kwaya. Za kakungidwe kangaka sankazidziwa. Ndikachoka ankalowa kuchipinda n'kuikunga mmene iwo ankadziwira. Katatu konse ndinaipeza ili gwa, khosi litayamba kupindika. Ndinkangoitsitsanso. Ndikanayambira pati kuletsa munthu m'nyumba mwake, atandilandira nditalephera?

Kachinayi ndinawapeza ali nayo pamwendo, akupotokola.

"Malume, isiyeni. Muithyola."

"Iwe, ndikukuthandiza. Zaka ziwiri ku uni, kutyuna kokha osatha?"

"Ndimachita dala."

"Dala? Mawaya ngati oyanikapo zovala awa?"

Ndinawalanda, n'kuitsitsa, n'kuilumikiza ku ampu yokweza mawu. Ndinaimba mpaka mawindo kunjenjemera. Iwo anamvetsera atapinda manja.

"Chigayo chenicheni," anatero. "Tabweretsa kuno."

Anaika zala pomwe anazolowera n'kuyamba nyimbo yawo ya kwaya. Kutchalitchi nyimbo imeneyo amaiimba mitsempha itatuluka pakhosi, chifukwa mawu awo ndi a besi koma woimba kiyibodi amawathamangitsira m'mwamba. Apa inawakwana bwinobwino. Anaimba mavesi onse anayi, maso ali chitsinzire, ine nditaima ngati mlendo m'chipinda changa chomwe.

"Siyoipa," anatero pomaliza, akuyang'ana nsonga za zala. "Koma mastring akowa akuluma, mphwanga."

"Muzolowera."

"Tamumveni! Wayamba kundiphunzitsa."

Kuyambira tsiku limenelo sanaikungenso. Khosi linatsala lokhota pang'ono, ndipo ndikaliyang'ana ndimakwiyabe, koma gitala imalira mmene ndimafunira. Loweruka lililonse amabwera kudzaibwereka kuti akonzekere kwaya. Amayamba agogoda.