Kulowa Dzina la Atsibweni

Ndinaganiza zochoka ku Milange chaka chimene ndinamaliza sekondale ku Vila, tawuni ya boma lathulo, ndipo amene anavomereza ganizolo sanali amayi, koma atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi: bambo amabereka, koma mwini mwana ndi mlongo wa mayi. Abambo anga anamwalira ndisanayambe kuyenda, choncho atsibweni ndiwo anandilera, ndiwonso anandipalasa pa njinga kukandilembetsa ku rejisito, ofesi ya boma yolembetsa ana obadwa. Kumeneko anapereka dzina langa la ubatizo, Anselmo, n'kuwonjezapo lawo, Mdulankhungu.

M'mawa wa tsiku lonyamuka kunali chiperoni. Phiri la Tumbine silinkaoneka, ndipo anthu opita kumsika ankatulukira m'nkhungu mmodzimmodzi, mutu poyamba, miyendo pambuyo. Atsibweni anakankha njinga, sutikesi yanga ili pakaliyala, mpaka pokwerera chapa, basi yaing'ono ya kwathu.

"Pita, ukaphunzire," anatero akumasula chingwe. "Koma dzinalo ndakubwereka. Usakalisiye pampando wa basi."

Ndinaseka. Iwonso anaseka, koma mochedwerapo.

Ku Maputo ndinaphunzira za malo ndi kajambulidwe ka mapu, kenako ndinalembedwa ntchito pa kampani ina yomanga misewu. Ntchito yanga inali yosandutsa mapiri ndi mitsinje kukhala mizere. Ndinkaikonda chifukwa pa mapu sipakhala nkhungu. Chilichonse chimakhala pamalo pake, ndipo chimaoneka. Ndinkakhala m'nyumba yosanjikizana, pamwamba, pamene mphepo ya kunyanja inkalowa pazenera ndi fungo la mchere. Masiku antchito ankadutsa okha. Ovuta anali Malamulungu. Ndikatuluka m'tchalitchi ndinkazungulira m'misika popanda chogula, makutu ali tcheru. Tsiku lina ndinamva munthu wogulitsa nsapato akukalipira mnzake m'Chinyanja, ndipo ndinaima pafupi naye nthawi yaitali ndikunamizira kuyesa nsapato, kuti ndingomva mmene ankatukwanira.

Kusungulumwako n'kumene kunandiyambitsa kufufuza dzina langa. Aphunzitsi ankapunthwa nalo poitana, anzanga analifupikitsa n'kumangoti Dula. Ine ndinkafuna kupeza munthu wina, ngakhale mmodzi, wolidziwa lonse. Ndinkafunsa aliyense wochokera kuchigawo chathu cha Zambezia. Ndinalifufuza pa intaneti, ndipo linkandibwezera ine ndemwe. Ndinafika poyenda m'manda aakulu a mzindawo ndikuwerenga miyala, poganiza kuti mwina wina wa ife anafikako kale n'kugona komweko. Sindinapeze aliyense.

Monga munthu wophunzira, ndinadzipangira tanthauzo. Ndinkadziwa kuti m'dziko lathu mabanja ambiri amatenga dzina loyamba la bambo n'kulisandutsa lachiwiri la mwana, motero mayina amasintha m'badwo uliwonse ngati madzi a mumtsinje. Ndinkadziwanso kuti nkhondo inabalalitsa anthu, ena n'kuwoloka Ruo osabwereranso. Ndinaona kuti ngakhale kwathu komwe amayi sankatchedwa Mdulankhungu, mlongo wanga Lusiya ayi, ana a atsibweni enieniwo ankatchedwa Fabiyawo, dzina la ubatizo la bambo awo. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndife mtundu umene ukutha, ndipo ine ndi atsibweni ndife makala awiri otsala m'phulusa.

Mkazi wanga Seleste ndi wa kum'mwera, kumene dzina limatsata bambo ngati ng'ombe za m'khola. Atamva nkhawa yangayo anaiona yaing'ono.

"Ndiye vuto lili pati?" anafunsa. "Tibereka ana, dzina lichuluka."

Mwana wathu atabadwa tinamulembetsa ndi dzinalo, ndipo ndinatumiza uthenga kumudzi monyadira. Mauthenga onse ankadzera pa foni ya Lusiya. Atsibweni akamalankhula pa foniyo ankakweza mawu ngati akuitana munthu wa kutsidya la mtsinje.

"Mwachita bwino, mwana akule!" anafuula. "Papepala lembani, pepala silikana. Koma dzina ili silibereka, Selimo. Limalowedwa."

Ndinamva, koma sindinafunse. Kulowa dzina ndinkakudziwa ngati mwambo wa mafumu, ndipo ife sitinali mafumu. Atsibweni anali mlimi wa chimanga ndi nandolo, amene m'chilimwe ankanyamula matumba pa njinga kupita nawo kumalire, ku Muloza.

Za ndalama ndinene mosabisa. Ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo zinagwira ntchito: malata a nyumba ya amayi, sukulu ya ana a Lusiya, mankhwala a atsibweni chifuwa chitawayamba. Kutumizako kunali kosavuta, kungodina foni ndili pampando wa mu ofesi. Mwina kuphwekako n'kumene kunatalikitsa njira. Ukwati ukavuta kumudzi ndinkatumiza metikali, maliro akagwa ndinkatumiza metikali, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera kuganiza kuti ndalama zikafika ndiye kuti ndafika.

Atsibweni anamwalira m'dzinja, mitsinje itadzaza, misewu itaduka. Anaikidwa ine kulibe. Patapita masabata angapo Lusiya anatumiza mawu. Sanalire, analankhula pang'onopang'ono ngati akubwereza zimene wauzidwa.

"Achimwene, dzina lagona. Amayi akuti mubwere pa sadaka, chimanga chikalowa m'nkhokwe. Wolowa ndi inu, ana anga akadali aang'ono. Mukapanda kubwera, akuti akaswa chikho cha atsibweni pamanda, ndipo dzinalo silidzatchulidwanso."

Ndinabwerera m'nyengo yozizira. Vila ndinaipeza itasintha: phula, njinga zamoto paliponse pamene kale panali zopalasa, masitolo a anthu a ku Malawi atandandalika m'mbali mwa msewu wa kumalire, achinyamata akuyamba chiganizo m'Chipwitikizi, kuchipitiriza m'Chilomwe, n'kuchimaliza m'Chinyanja. Koma nditakwera njinga yamoto kulowera njira ya ku Majaua yopita kumudzi kwathu, zaka zinayamba kubwerera m'mbuyo. Minda ya chinangwa inali pomwe ndinaisiya. Nandolo anali atachita maluwa, achikasu mbali zonse, ndipo Tumbine ankatiperekeza chapatali, mtambo uli paphewa.

Amayi ndinawapeza akutola nkhuni m'munda wa nandolo, kukonzekera mowa ndi chakudya cha sadaka. Anali atachepa thupi. Titapatsana moni ndinawathandiza kumanga mtolo, ndipo ndinafunsa funso limene ndinayenda nalo zaka zonsezo.

"Amayi, anthu a dzina limeneli anapita kuti? Ndafufuza dziko lonse, palibe."

Anandiyang'ana modabwa, luzi lili kukamwa. Analavula luzilo.

"Anthu ake ati? Mdulankhungu amakhala mmodzi."

Anafotokoza ataimirira, manja akugwira ntchito. Woyambayo anachokera kum'mawa, kudziko la Alomwe, m'nthawi ya chibalo, pamene asipayi ankagwira anthu m'midzi kukagwira ntchito yokakamiza. Iye anasonkhanitsa alongo ake ndi ana awo n'kudikira chiperoni, pakuti m'nkhungu msipayi saona patali. Ankayenda patsogolo ndi chikwanje akutchetcha njira, wotsatira atagwira nsalu yake, winayo atagwira ya mnzake, mpaka mwana womalizira. Atawafikitsa kuno anabwerera kukatenga ena. Anthu anamutcha Mdulankhungu. Atamwalira, mwana wa mlongo wake analowa dzinalo, pamodzi ndi chikwanje ndi mbumba yonse, ndipo zakhala choncho mpaka pa atsibweni.

"Kutsogolo sikuyenda awiri," anatero amayi. "Awiri akatsogola, mzere umagawika."

"Nanga inu, nanga Lusiya, nanga mudzi wonsewu?"

"Ife ndife akumbuyo. Wakumbuyo alifuniranji dzina? Amangofuna nsalu yogwira."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mtolo wa nkhuni. Zaka zonsezo ndinkawerenga kuchepa kwa dzina ngati chizindikiro cha imfa, pamene linali lochepa mwadala, monga mmene khomo la nyumba limakhalira limodzi ngakhale ogonamo achuluke. Ndipo atsibweni, pondilembetsa tsiku lija ndili khanda, anali atasankha kale.

"Koma ine ntchito yanga ili ku Maputo," ndinatero. "Mkazi ndi mwana ali komweko."

"Woyambayo ankakhala pansi? Ankapita, n'kubwera. Pita. Koma tikaitana ubwere iweyo, osati foni. Ukwati wa mwana wa Lusiya sungakambidwe ndi metikali."

Zimenezo ndikanatha kuzivomera pomwepo. Koma amayi anali asanamalize. Anamangitsa mfundo ya luzi, maso ali pa mtolo.

"Chinanso uchidziwe lero. Ukalowa, sindidzakuitananso Selimo. Udzakhala mlongo wanga. Munthu satchula mlongo wake wamkulu dzina la ubwana, ndipo samutuma madzi."

"Ndiye ine ndikhale wopanda mayi?"

"Ine ndakhala wopanda mlongo chiyambire dzinja," anayankha. "Mmodzi wa ife ayenera kusowa kanthu. Usankhe ndiwe."

Anasenza mtolo n'kutsogola. Ndinawatsatira pakati pa maluwa achikasu, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Maputo ndinalakalaka tebulo langa la mapu, pamene mzere ukalakwika umafufutidwa.

Kunyumba Lusiya anandilandira ndi chipongwe, ali pa mtondo.

"Mwanenepatu, a Maputo! Mimba imeneyi idzakwana m'jekete la atsibweni? Lekani ndikunyozeretuni lero, mawa mukhala atsibweni anga, ndizidzagwada."

"Ndani wakuuza kuti ndavomera?"

"Mukanakhala wokana mukanatumiza ndalama," anatero, n'kupitiriza kusinja.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, amayi anandituma kosalekeza. "Selimo, tenga madzi." Ndinatenga. "Selimo, nkhuku zikudya chimera." Ndinaziingitsa. "Selimo, mpando uwo ulowe m'nyumba." Patapita kanthawi, "Selimo, mpando uja utuluke." Pabwalo panali ana ambiri oti akanatumidwa, ndipo alendo a sadaka ankayang'anizana poona bambo wa ndevu akuthamangitsa nkhuku. Pa ulendo wachiwiri wa mpando uja m'pamene ndinazindikira chimene ankachita. Ankalitchula dzinalo kuti alimalize, monga mmene munthu amakombera mbale ya ndiwo zimene sadzadyanso. Sindinawauze kuti ndavomera, iwonso sanandifunse. Ndinangoyankha "Wawa, amayi" nthawi iliyonse, mokweza, kuti nanenso ndimalize langa, loti amayi.

M'mawa mwake chiperoni chinatsika. Tinasonkhana kumanda tili ngati mithunzi, mawu akumveka eni ake osaoneka. Mkatekisi anatsogolera pemphero, tinayimba nyimbo imodzi, kenako akuluakulu a mbumba anabweretsa chikho cha atsibweni, jekete lawo lakuda ndi chikwanje chakale chimene mpini wake unasalala ndi manja a anthu amene sindinawaonepo. Anaika chikho pamtumbira, mwala uli pambali pake, n'kufunsa ngati pali wolowa. Ndinatambasula manja, ndipo anandiveka jekete n'kundipatsa chikwanje. Jeketelo linandithina m'mapewa, ndipo linkanunkha utsi ndi fodya.

Mwambo wake ndi wakuti wolowa dzina atsogole kuchokera kumanda mpaka kunyumba, osacheuka. Ndinayamba kuyenda. Njira siinkaoneka kupitirira pamene chikwanje chinkafika. Ine amene ndajambula misewu ya zigawo zathunthu ndinkafufuza ndi phazi kanjira kopita kwa amayi anga. Mame ankagwa m'nandolo. Kenako ndinamva dzanja likugwira m'mphepete mwa jekete, kumbuyo, ndipo kulemera kwake kunkawonjezeka pang'onopang'ono pamene mzere unkatalika, wina atagwira wina. Sindinkawaona. Ndinkangomva mapazi ambiri pa udzu wonyowa, chifuwa cha nkhalamba, khanda likulira chapatali. Anthu amene ndinawafunafuna m'misika ndi m'manda a ku Maputo anali onsewo, ndipo malo okhawo amene munthu wa dzina ili sangawaonere ndi kutsogolo kumene ndinali.

Denga la malata linatulukira m'nkhungu. Ndinaima pakhomo, dzanja lija linandisiya, ndipo mwini wake anazungulira n'kubwera patsogolo panga. Anali amayi. Anagwada pa dothi lonyowa, naomba m'manja mwaulemu.

"Mwafika, achimwene?" anatero. "Munachedwatu."

Pakamwa panga panali patakonzeka kale mawu akuti amayi. Ndinawameza.

"Ndafika, mlongo wanga. Dzukani, pansi pazizira. Ana ali bwanji?"

"Ana ali bwino," anayankha akudzuka, maso ali pa jekete, osati pa nkhope yanga. "Koma wanga wamwamuna anapita ku Maputo kalekale. Ameneyo sindikumuyembekezanso."