Mbande zimene ndinabzala m'dimba la a Wilisoni

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga amene ndinakhala naye mpaka imvi. Imandibwerera ndi fungo la masamba a matimati, lija limakakamira m'manja ukamaphata nthambi, losachoka ndi madzi okha. Ndikalimva ndimapezeka ndili mwana wa zaka ngati khumi, m'madimba a kumunsi kwa Lirangwe, nyengo yozizira, chimanga chitakololedwa kale.

Sukulu sindinkapita. Ntchito yanga inali kudyetsa mbuzi za bambo. M'mawa mame ankaluma zala za kumapazi, ndipo dothi la kudimba linali lakuda, lomata, lonunkhira ngati mphika watsopano. Ndege ikamatsika kulowera ku Chileka, ndinkasiya zonse n'kukhala kukamwa yasa, maso kumwamba.

Dimba loyandikana ndi lathu ankalima a Wilisoni, mkamwini wochokera ku Mulanje. Malowo anali a akazi awo, ndipo alamu awo, a Thomasi, sankalola kuti aiwale zimenezo. Chimene chinkawapatsa ulemu pamudzi paja chinali matimati. Ankawalera ngati ana, kuwamangira ku timitengo ndi luzi, kuwathirira ndi kheni yachitsulo yodontha pamphuno. Ine ankanditcha mphwawo. Ankang'amba matimati akupsa ndi zala, kuwaza kamchere, n'kundipatsa mbali yaikulu.

Chaka chimenecho matimati athu anafota onse asanabale. Bambo anawazula n'kuwaunjika kumalire. Pakona panangotsala nazale, mbande zake zili zobiriwira bwinobwino. "Pano patha," anatero bambo. "Zisiye zimenezo."

Tsiku lina masana ndege inazungulira kawiri isanatsike, ndipo ndinaiperekeza ndi maso mpaka inabisika. Potembenuka, mbuzi zinali zitaboola mpanda wa bango. Mizere iwiri ya mbande zimene a Wilisoni anawokera dzulo lake inali itametedwa mpaka pansi. Iwo anali kumsika. Ndinaganiza za chikwapu cha bambo, koma kwambiri ndinaganiza za nkhope ya a Wilisoni.

Ndinatenga khasu lawo pamene ankalibisa, n'kuthamangira ku nazale yathu. Ndinakumba mbande iliyonse ndi dothi lake, monga ndinkawaonera iwo akuchita, kuti mizu isadzidzimuke. Ndinazinyamula m'malaya, kuziwokera m'mizere ija, kuzithirira. Khasulo ndinalitsuka m'chitsime chawo kuti lisaoneke kuti lagwira ntchito. Mapazi a mbuzi ndinawafufuta ndi nthambi, mpanda ndinaumanga. Madzulo ndinapita kunyumba ndikudziona wochenjera, ndiponso wabwino.

Matimati atayamba maluwa, mizere iwiri ija inayamba kugwetsa masamba. Sanachite chikasu, anangolendewera ali obiriwira, ngati munthu wakomoka. Masana ankafota, madzulo n'kudzuka pang'ono. A Wilisoni anati ndi ludzu, n'kuwonjeza madzi, ndipo madziwo ankayenda m'ngalande kupita ku mizere ina. Anawaza phulusa. Anagula mankhwala ku Blantyre n'kupopera ndi tsache. Pofika nthawi yotentha, dimba lonse linali timitengo tokhatokha, luzi likulendewera. Kenaka anayamba kufota matimati a a Thomasi, amene dimba lawo linali kumunsi ndipo ankatunga pachitsime chomwecho.

Ndinawamva akukangana pamalire, ine ndili kuseri kwa nthochi ndi mbuzi zanga.

"Zakwanu zija mwabwera nazo kuno eti?" anatero a Thomasi. "Mwaona kuti dimba simulilanda, ndiye mwati tonse tiluze?"

"Alamu, ndikanakhala ndi mankhwala, ndikanayamba kupha anga omwe?"

"Amatero kumene wofuna kubisala."

Tsiku lomwelo a Wilisoni anandiitana. Anakhala pa kheni yawo atayivundikira, manja ali pamaondo. "Mphwanga, iwe umakhala kuno tsiku lonse. Sunaonepo munthu akulowa muno?" Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga n'kunena kuti ayi. Anagwedeza mutu, n'kundiuza kuti mbuzi imodzi yatsalira kumtsinje.

Anthu anasiya kuwayankha moni. Akazi awo anayesa kulimba, koma achibale anali ambiri. Mvula isanagwe, a Wilisoni anamanga bulangete ndi khasu, n'kuuyamba wa kumsewu. Mwana wawo Elube, msinkhu wanga, anawatsatira akulira mpaka pamene anamubweza. A Wilisoni sanabwerenso, ndipo Elube anakula akutchedwa mwana wa mfiti.

Ndili mwana ndinkati tchimo langa linali la mbuzi ndi bodza lija basi. Za kufotako ndinkadzitonthoza: mbande zanga zinali zobiriwira, chobiriwira chingaphe bwanji chinzake? Nthawi zina ndinkafika pokhulupirira a Thomasi, chifukwa kutero kunkandipepukira.

Kulemba ndinaphunzira ku sukulu ya kwacha ndili kale ndi zidzukulu, ndipo anandisankha kukhala mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Tsiku lina mlangizi, mtsikana woti angakhale mdzukulu wanga, anadula tsinde la matimati ofota n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera. Tinadikira. Pa tsinde paja panayamba kutsika timizere toyera ngati mkaka. Anati ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, totseka njira ya madzi mu tsinde. Anati timakhala m'dothi zaka, timayenda ndi khasu, ndi madzi othirira, ndi mbande zooneka zabwino. Kupopera sikuthandiza. Chofunika n'kuzula ndi kutentha, kutsuka makasu kutali ndi chitsime, kubzalapo chimanga kwa zaka zingapo, osati matimati, mabiringanya kapena mbatatesi, komanso kusatenga mbande pamalo odwala. Ndinalemba zonsezo m'kope la kalabu. Mwana wodyetsa mbuzi uja ankaganiza kuti akubweza zimene mbuzi zinadya. Ine nkhalamba ndinaona zimene ananyamula m'malaya.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa Elube. Ndinamupeza akusesa pakhomo, msana utapindika ngati wanga. Ndinamufotokozera za tambula ija, kuti nthenda inali m'dothi, kuti bambo ake analibe mlandu. Anamvetsera atatsamira tsache.

"Ine ndinkadziwa kale, achimwene," anatero. "Koma m'dothi la amayi, nthendayo inalowamo bwanji?"

Ndinati mlangizi sananene. Ndinakwera njinga yanga n'kubwerera.