A Kalipentala pa Benchi la Ophunzira Awo

Ambiri a inu mumakhalira mabenchi awo Lamulungu lililonse, koma si nonse mukudziwa moyo wa a Kalipentala, amene tawaika m'manda mwezi wathawu. Akuluakulu a parishi andipempha ine kuti ndilembe mbiri yawo, ngakhale ndine amene ndinalephera kuwathandiza.

Anabadwa m'banja la ana asanu ndi atatu. Sukulu anangoinunkhiza, chifukwa bambo awo atamwalira anatengedwa ndi amalume awo opala matabwa. Kumeneko anaphunzira kuyeza ndi chikhato ndi diso, ndipo sankagwira sowo asanachite chizindikiro cha mtanda. Parishi itatsegula sukulu ya ntchito zamanja, anaphunzitsa ukalipentala zaka makumi awiri.

Kenaka kunabwera lamulo loti wophunzira ntchito aziphunziranso kuwerenga ndi masamu m'shedi yogwirira ntchito momwemo, pa tepi yoyezera ndi pa pulani ya mpando. Aphunzitsi nawonso anayenera kulemba mayeso. Akuluakulu a sukulu ananditumiza ine, mphunzitsi wa kuwerenga ndi masamu, kuti tiziphunzitsa limodzi. Tsiku loyamba ndinawapatsa a Kalipentala pepala loti awerenge. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera.

"Aphunzitsi, zilembozi zikundiona, koma ine sindikuzidziwa," anatero akuseka. "Ndipatseni malo pa benchi."

Mkulu waimvi uja anakhala pakati pa ophunzira ake. M'mawa ankawaonetsa kupala thabwa, masana iwo ankamugwira dzanja polemba. Manyazi m'kalasi anathera pomwepo, moti mayi wina amene ankadwala mutu nthawi ya masamu yokha anachira. Koma kwa a Kalipentala zinkalowa lero, mawa n'kutuluka, ndipo maso anali atayamba ng'ala. Ndinayesa choko, ndinayesa zilembo zodula pa matabwa, ndinapemphera. Mayeso analephera kawiri. Ndinakawadandaulira kwa akuluakulu a sukulu. Anamva chisoni, koma anati lamulo si lawo.

Kalata yowachotsa ntchito itafika, anabwera nayo kwa ine.

"Ndiwerengereni, mwanangu."

Ndinawerenga mpaka pa mzere wothokoza utumiki wawo.

"Mwawerenga bwino," anatero. "Nanga masowo azinola ndani?"

Kwa zaka zinayi ankabwera m'mawa uliwonse akachoka ku Misa, n'kukhala pakona kunola masowo popanda wowatuma. Mphunzitsi watsopano akalakwitsa, ankadikira ophunzira atuluke, n'kumunong'oneza. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu sanandifunse satifiketi pondipatsa manja."

Anamwalira mwakachetechete masana ena, atalandira sakramenti la odwala, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja. Ambuye awalandire m'nyumba yawo.

Ine ndinawaona dzulo lake. Anandifunsa ngati ophunzira a chaka chino akhoza mayeso. Ndinati onse khumi ndi asanu akhoza, ndipo amawerenga pulani okha.

"Ndiye kuti lamulo lija linali labwino," anatero, natsinzina.

Ndinatuluka panja kukalira. Iwo analikhululukira kalekale lamulolo, koma ine mpaka lero zikundikanika.