Sole Amene Ndinakana Kunena

Pa Chingelezi chonse chimene azungu anatisiyira mu Lusaka, liwu limene tinalilandira ndi manja awiri ndi sorry. Tinalisambitsa n'kulitcha sole. Limayamba ngati pulayimasi ikamayaka, sss, n'kutha mano ali pamtunda ngati munthu wojambulitsa chithunzi cha pachitupa. Kwathu ku Kabwata linali laulere. Ukapunthwa, wogulitsa malasha ankati sole. Shuga akatha uli pamzere, wakumbuyo kwako ankati sole, chonsecho nayenso akubwerera chimanjamanja. Sikuti wina walakwa ayi. Kunali kungokuuza kuti takuona.

Msuweni wake wa liwuli, sole wovala tayi wovomera kulakwa, ndinakakumana naye ku koleji. Tinanyanyala nyemba zofumbwa, ine n'kukaika mbale yanga patebulo la pulinsipo kuti anankafumbwe adzifotokozere okha. Akuluakulu a koleji anatithamangitsa tonse. Kenako anati wofuna kubwerera akaime pamaso pa pulinsipoyo ndi tcheyamani wa Chipani cholamula, anene sole mokweza. Anzanga analinena, ena n'kuwonjezera misozi.

Atate, amene anali mesenjala m'tauni, anavala jekete yakutchalitchi n'kundiperekeza. Ndinali woyamba pabanja kuponda pa koleji, ndipo Kabwata yense anali atauzidwa.

"Iwe, ni kaliwu kang'ono chabe," anatero m'basi. "Ine nimakakamba tsiku lonse ku nchito. Nafa?"

Mu ofesi tcheyamani anayang'ana wotchi. "Tiyeni ba komuledi, anzanu ali panja."

Ndinakonza lilime. Sss uja anatuluka bwinobwino, waukhondo. Koma nditacheuka ndinaona atate atapinda chipewa m'manja, mano ali kale pamtunda, akundinenera liwulo ndi nkhope yonse. Zotsalazo ndinameza.

"Ba pulinsipo," ndinatero mwaulemu wonse, "zija nyemba zinali na tuzilombo."

Maphunziro anga apamwamba anathera pomwepo, popanda mwambo uliwonse.

Pobwerera basi sinabwere. Tinayenda pansi, ine sutikesi kumanja, atate patsogolo, osacheuka, osatsokomola n'komwe. Titafika pamafulati a Kabwata, pamaso pa azimayi ochapa, chogwirira cha sutikesi chinaduka, mabuku n'kumwazika m'fumbi. Atate anaima. Anavula jekete, n'kuwerama kuyamba kutola.

"Sole, mwana wanga."

Limenelo ndinalilandira. Linalo, la ku koleji lija, pulinsipo akulidikirabe, ndipo adikire ndithu. Nyembazo zinali zofumbwa.