Kansomba Kokana Kudya

Senderani kuno, adzukulu, mumve za nsomba imene inandiwondetsa osailawa n'komwe.

Agogo anu aamuna atamwalira ku Nkhudzi, ndinakalowa ntchito ya m'nyumba ku Mangochi, kwa bwana wina wa boma wochokera kumtunda. Anandipatsa kachipinda kuseri, kokhalamo ine ndi ana anga aakazi awiri. Ntchito ikanatha, denga likanathera pomwepo. Ndiponso masiku amenewo munthu wovala baji ya chipani ngati bwanayo sunkamutsutsa. Akati mbuzi iyi ndi nkhosa, unkati indedi bwana, taonani ubweya.

Pabalaza panali bokosi lagalasi lodzaza madzi, miyala pansi, ndi mbuna zisanu zochokera ku Chembe, tinsomba tija ta buluu ndi tachikasu tokhala m'miyala. Ntchito yanga inali kuchotsamo ndowa imodzi ya madzi akale n'kuthiramo a kumtsinje, oti ayamba akhazikika dothi. Sopo ayi. Madzi a pampopi ayi, ankanunkha mankhwala.

Tsiku lina kachikasu kamodzi kanaleka kudya. Kanabisala kuseri kwa mwala, pakhosi patatupa, kukamwa kuli tseke.

"Iwe, wazipatsa chiyani nsomba zanga?" anafunsa bwana.

"Zomwe munandisonyeza zija, bwana."

Anatsegula buku lakunja la zithunzi za nsomba za m'nyanja ya mchere, zokhala m'miyala yanthambi imene ankati ndi yamoyo.

"Buku likuti mchere. Masupuni atatu m'mawa uliwonse. Kakafa, unyamule ana ako."

Ine kuwerenga sindidziwa, koma ndinakulira pansi pa makoka a bambo anga. Kangati ndinaona chambo chachikazi chikulavula mazira pamchenga? Kansombako sikankadwala, kanafungatira ana m'kamwa. Ndinene? Kutsutsa bwana kunali kutaya denga. Ndithire mcherewo? Nyanja yathu ilibe mchere, ndinaopa kupha zisanu zonse.

Ndiye m'mawa uliwonse dona, mkazi wa bwanayo, akandiyezera mchere m'kambale, ndinkaima pagalasipo nditamupatsa msana, n'kuukhuthulira pansonga ya chitenje. Kuchipinda ndinkausunga m'chitini. Masabata awiri anatha chotero. Kansomba kanawonda, inenso ndinawonda. Bwanji ngati mbuna sizichita ngati chambo? Bwanji ngati ndi matenda ndithu? Ndikamaswali, mawu ali pakamwa koma mtima uli pabalaza. Ndinkayamba kusuzumira galasi ndisanapereke moni kwa munthu.

Lachisanu lina dona analowa kuchipinda kwanga kufuna lichero, n'kupunthwa pachitini chija, mchere n'kumwazika.

"Kodi ndinalemba wakuba?"

"Pepani dona, sindinabe."

"Ndiye mcherewu unamera miyendo? Khala pompo, abwana akubwera."

Ndinagwada pakhonde mpaka bwana anafika kudzadya masana. Ana anga ankasuzumira kuseri kwa papaya, wamkulu atamanga kale tizovala m'nsalu, osauzidwa ndi munthu. Nditaona kamtolo kameneko, lilime linamasuka. Ndinaulula zonse.

Bwana anaseka kuseka kosakoma. "Nsomba kusunga ana m'kamwa? Iwe waposa buku?"

"Ayi bwana, buku ndi lalikulu. Koma mundilole ndikagwire. Mukapanda kuona kanthu, ndinyamuka lero lomwe."

Ndinatunga madzi a m'galasi momwemo m'beseni, n'kunyowetsa manja kuti ndisakasupule khungu. Kansombako kanandipulumuka kawiri. Nditakagwira, ndinakazondotsa mutu m'madzi n'kukakanula mlomo pang'onopang'ono ndi kaudzu. Sipanatuluke kanthu. Dona anatsokomola. Ndinakagwedezanso, ndikuti Mulungu, ana anga agona kuti? Pamenepo kanatuluka kamwana kamodzi, kenaka tambiri, tating'ono ngati mpunga, maso okhaokha, tikuthamanga m'beseni lonse.

Bwana anawerama nthawi yaitali, tayi yake itamira m'madzi osazindikira. Podzuka anangoti, "Kuyambira mawa usamathire mchere," ngati nzeruzo zinali zake. Dona anatenga chitini n'kupita nacho kukhitchini. Pepani sanatuluke, koma kachipinda kanakhalabe kathu zaka zina zinayi.

Bwana anadzalandira kalata, galimoto n'kubwera kudzamutenga, ndipo palibe anafunsa kumene anapita. Dona anabwerera kwawo, galasi analisiya. Nsombazo ndinapatsa msodzi wa ku Chembe m'ndowa kuti akazibweze m'miyala mwawo. Mwana wanga wamkulu, wa kamtolo uja, anakwatiwa ku Makanjira. Wamng'ono ndiye mayi anu. Ine ndinabwerera ku Nkhudzi, ndipo mbuna zokha ndinasiya kudya kuyambira tsiku la beseni lija.