Matini a Azakhali ndi Ulendo wa ku Boma

Ndikukumbukira bwino, ndipo wina asandiuze kuti ndakalamba, kuti matini aja anali akuda mofanana tsiku limene anatigawira. Ndikunena zimenezi chifukwa msuweni wanga Amidu mpaka lero amauza anthu kuti ake ndiwo anali oipitsitsa. Limenelo ndi bodza.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa azakhali anga ku Senga Bay. Iwo ankaphika masikono mu uvuni wa dilamu kuseri kwa nyumba, ndipo fungo lake linkapikisana ndi la usipa wa pa thandala. Chikondwerero cha ufulu chitayandikira, amayi a chipani anawauza kuti aphikire alendo ochokera ku Boma. Matini awo anachepa, choncho anakabwereka ena kwa akazi a ahedi a pasukulu pathu, mayi waukhondo woopsa. Phwando litatha, matini aja anatuluka mu uvuni atakutidwa ndi mafuta opserera, olimba ngati phula la pamsewu. Kuwabweza ali choncho kukanakhala kudzichotsa ulemu.

Azakhali anatiitana, ine ndi mwana wawo Amidu, n'kutigawira matiniwo pakati. Anati amene ake awale kwambiri adzakwera pa kaliyala ya njinga ya amalume, amuna awo, Loweruka, kupita ku Boma ku Salima kukaona sitima ya pamtunda. Kaliyala inali imodzi. Ine sitima ndinkangoidziwa pa chithunzi cha m'buku la kusukulu, ndipo ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse.

Ntchito ndinaigwira mwa dongosolo lake. Ndinasefa phulusa, n'kuliponda ndi madzi otentha mpaka linakhala ngati phala, ndipo ndinamata tini lililonse mkati ndi kunja. Litafewetsa mafuta, ndinapala ndi chigoba cha nkhono. Kenako ndinatenga mchenga wonyowa ndi chitsononkho n'kuyamba kukwecha. Pakati pa tini sipavuta. Nkhondo ili m'makona, momwe mafuta amabisala, ndipo m'menemo ndinkalowamo ndi kamtengo kosongola. Phulusa linandidya zala mpaka khungu linasupuka, ndipo nditafinyira ndimu kuti ndimalize, ndinavina gule wopanda ng'oma.

Amidu naye anamata phulusa pa matini ake, n'kuwasiya padzuwa, iye n'kukagona pansi pa bwato.

"Ukwechenso bwino, mkazi wanga, udzandisamale," anatero podutsa, monga amachitira asuweni.

"Mwamuna waulesi ngati iwe ndingamutani?" ndinamuyankha, mumtima ndikuona kale utsi wa sitima.

Inali nyengo ya mwera, mafunde akumenya gombe mwaukali. Dzuwa litafika pamutu, Amidu anatola matini ake, anawakulunga mu chidutswa cha ukonde wakale, n'kuumangirira pa chikhomo pamalo pomwe mafunde amaswekera. Funde likabwera linkathira mchenga m'matinimo, pobwerera n'kuukokolola. Mwini wake anali uko akusambira ndi anzake. Ine ndinaseka. Ndinati nyanja iwatenga, ndipo akwapulidwa.

Nyanja sinawatenge. M'mawa mwake anabwera nawo akuwala ngati kalilole, mpaka m'makona momwe. Anga anali oyera ndithu, koma anali ndi mikwingwirima ya chigoba, ndiponso kadontho kamodzi kakuda komwe kanakana kuchoka. Azakhali anawatembenuzatembenuza padzuwa, n'kuloza matini a Amidu.

"Azakhali, sanatsuke ndi iyeyu!" ndinakuwa. "Yatsuka ndi nyanja!"

"Ndiye ukuti tiikweze nyanjayo pa kaliyala?" anandifunsa, osaseka n'komwe. "Ine ndinati matini awale. Sindinati zala zisupuke."

Loweruka ndinaima pamsewu kuonerera amalume akupapasa m'thumba ngati khadi la chipani lilimo, poti popanda ilo sakanalowa mumsika. Amidu anakhala pa kaliyala atavala malaya ake a pa Idi, akundibayibitsa ndi manja onse awiri mpaka anatsala pang'ono kugwa. Madzulo anabwera ndi nkhani zosatha za chitsulo chofuula, ndipo anandipatsa tikiti yakutha ya sitima imene anatola pansi ku siteshoni. Anati ndiinunkhize, ndimveko fungo lake. Ndinafuna kuing'amba, koma ine pepala sinditaya. Ilipobe m'sutikesi, pamodzi ndi masatifiketi anga a uphunzitsi.

Masiku ano adzukulu anga amathira sopo wamadzi m'tini, kupukuta kawiri ndi kawaya ka m'sitolo, basi ati atsuka. Ndikawaonetsa makona amandiyang'ana ngati ndapenga. Gombe lija analitchinga ndi mpanda wa malo ogona alendo, moti ngakhale waulesi alibenso pomangirira ukonde wake. Sitima ndinadzaikwera ndili wamkulu, kangapo konse, koma si imene ndinaikwechera ija.

Amidu tsopano ndi nkhalamba ya ndevu zoyera, ndipo anthu amamupatsa ulemu ku mzikiti. Akabwera kudzamwa tiyi amanyamula tini langa la masikono, n'kuliyang'anitsitsa m'makona.

"Ukadakwechabe, mkazi wanga?"

Ndimamuthirira tiyi, poti ndi mlendo. Koma sikono ya pakona, yopserera ija, imakhala yake nthawi zonse.